Mabikoni a Fletcher

Bodza limeneli Fletcher sanalipeke yekha. Analipatsidwa lopangapanga, iye n'kungolilandira ndi manja awiri.

Linali Loweruka. Anafika kunyumba kwake ku Monkey Bay milomo itauma, thalauza yodzaza chisoso, chigongono chitasupuka. Pakhonde anapeza mlendo, mayi Edith, amayi ake aang'ono a mkazi wake Tikhala, amene anabwera kudzacheza kuchokera kumudzi. Mayiwo anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Apongozi, n'kuti kumene mwatuwa chonchi?"

"Ndinali kuphiri, amayi."

"Kotola nkhuni?"

"Ayi."

"Kosaka mbira?"

"Ayi, amayi."

Mayi Edith anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Kwa iwo nkhani inathera pomwepo. Munthu wamkulu, wantchito yake, akakwera phiri n'kutsika wopanda nkhuni kapena nyama, ndiye kuti anapita kukapemphera, monga amachitira a mipingo yambiri masiku ano. Ndipo chimene Fletcher angakapempherere chinali chodziwika kwa aliyense. Banja lake linali litatha zaka zisanu ndi ziwiri popanda mwana.

"Mulungu amamva, apongozi. Musaleke."

Apa ndi pamene Fletcher akanatsegula pakamwa n'kukonza nkhaniyo. Koma anaona Tikhala ataima pakhomo ndi beseni m'manja, misozi ikulengeza m'maso, akumuyang'ana mmene anali asanamuyang'anirepo kwa nthawi yaitali. Fletcher anangonena kuti, "Ameni."

Zoona zake zinali zina. Fletcher anali makaniko wa mainjini a maboti, ndipo anali ndi mnzake wa kusukulu dzina lake Swadick, amene ankagwira ntchito yoperekeza alendo pa hotela ina ku Makokola. Mlendo wina anaonetsa Swadick masewera a pafoni. Anthu amabisa tizitini m'malo osiyanasiyana n'kulemba pa intaneti pamene atibisa, ndipo ena amatsata mapu a pafoni kukatifuna. Ukapeza kachitini, umatengamo kanthu, kusiyamo kako, kujambula chithunzi, n'kukabwezera pamene wakapeza. M'dera lawolo munali kagulu ka anthu okonda kubisa tizitini timeneti pamwamba pa mapiri, pafupi ndi mabikoni, zipilala za simenti zimene oyeza malo anamanga kalekale. Masewerawo ali ndi dzina lake la Chingerezi, koma awiriwa ankangoti kusaka mabikoni.

Mukafunsa phindu lake, palibe. Sudyapo, sugulitsa, ndipo nsapato zimatha. Koma Fletcher zinamulowa m'magazi tsiku loyamba lomwelo. Iye anali munthu wa zitsulo, wokonda chinthu chimene chinaikidwa pamalo pake n'kukhala pomwepo. Akafika pa bikoni ankapukuta kachitsulo kamkuwa ka pamwamba ndi chala mpaka manambala aoneke, mtima wake n'kukhala m'malo. Chinanso, pamwamba pa phiri panalibe womufunsa kuti ana abwera liti.

Chinenereni "Ameni" ija, Loweruka lililonse linakhala lake popanda mkangano. Tikhala analeka kumukonzera kamba, poti munthu wosala kudya sanyamula chakudya. Fletcher ndi Swadick ankaima pamsewu n'kugula chipisi ndi mandasi, n'kukadyera pamthunzi wa bikoni miyendo itatambasulidwa. Madzulo akafika kunyumba ankapeza phala la mpunga lofunda, loti amasulire kusala popanda kupweteka m'mimba. Ankamwa phalalo pamwamba pa chipisi, nkhope ili yofatsa ngati ya munthu wochokera kokacheza ndi Mulungu wake.

Swadick zimenezi sizinkamusangalatsa, ngakhale ankazinena moseka.

"Abusa, mwamasula kale?" ankatero Fletcher akamaluma mandasi. "Ine mwezi wa Ramadani ndikati ndasala, ndimasaladi. Iwe ukusala ndi mafuta pamlomo. Muuze mlamu, aise."

"Ndimuuza."

"Liti?"

"Ikapezeka nthawi yabwino."

Nthawi yabwinoyo inkangothawa, ndipo chifukwa chake Fletcher ankachidziwa. Chaka china iye ndi Tikhala anapita kuchipatala ku Mangochi. Tikhala anayezedwa, adokotala n'kunena kuti sanapeze vuto, koma kuti abambo nawo abwere tsiku lina adzayezedwe. Tsiku limenelo Fletcher anali ndi injini yofunika mwamsanga. Ulendo wachiwiri kunalibe mafuta. Kenako nkhaniyo inangozilala, koma abale ake a Tikhala sanaiiwale. Kwawo ana ndi a kuchikazi, ndipo amalume ake, a Raymond, sankaona chifukwa choti mbumba yawo ithere pa mkamwini woopa chipatala. Anamuuza Tikhala mosapita m'mbali kuti akadali mtsikana, abwerere kumudzi, amuna sanathe padziko.

Tikhala anakana. Fletcher anadzimvera yekha ali kuseri kwa nyumba, mkazi wake akuyankha pafoni.

"Amalume, munthu amene amakwera phiri ndi njala Loweruka lililonse chifukwa cha ine, ndingamusiye bwanji? Kuchipatala adzapita. Koma katunduyu sindikusenza ndekha ayi."

Choncho banja la Fletcher linatsamira pa "Ameni" imodzi. Iye ankamukonda Tikhala, zimenezo zisakayikitse munthu. Ankangofuna zonse ziwiri, mkazi ndi mabikoni, popanda kuyankha funso lililonse.

Lachisanu lina mu Okutobala anadutsa kugombe nthawi ya nkhomaliro. Tikhala ankagula usipa kwa asodzi n'kumauyanika pa thandala, ndipo anamupeza akuutembenuza, dzuwa likuswa mtengo.

"Amalume aimba," anatero Tikhala osadzutsa mutu. "Akubwera Lamulungu ndi ankhoswe. Akuti akufuna yankho lomaliza."

"Tidzawalandira."

"Mawa ndipita nanu kuphiri."

Fletcher anayesa kumuletsa. "Njira yake ndi yoipa, Tikha. Miyala, minga, anyani."

"Inu mumapita. Ndikufuna ndikagwade pamene mumagwadapo, tikapemphere limodzi amalume asanafike."

Atachoka pamenepo Fletcher anaimbira Swadick kuti mawa asabwere. Swadick anati, "Allah akuthandize, achimwene, poti ine pamenepo ndilibe nzeru."

Fletcher anaganiza kuti nkhaniyo ndi yotheka. Kutchalitchi ankapita, mawu a pemphero ankawadziwa. Akwera, agwada, apemphera, atsika, Lamulungu amalume abwerera okha. Ndipo zikanathekadi akanasankha phiri limene analikwerapo kale. Mapiri otero analipo ambiri, ena a njira yosavuta. Koma panali limodzi, la Namiyala, limene bikoni yake anali asanaione, ndipo kachitini ka kumeneko kanali katatha chaka osapezedwa ndi munthu. Anadziuza kuti akangoyang'ana ndi maso basi. Munthu akafuna kudzinamiza sasowa mawu.

M'mawa anakwera minibasi n'kutsika pamene kanjira kamachoka pamsewu wa tala. Tikhala anavala diresi yoyera ndi duku, Baibulo atalikulunga m'chitenje, kumapazi masilipasi. Fletcher anabereka chikwama chake, ndipo pansi penipeni, pansi pa juzi, anabisa botolo la madzi ndi mabisiketi.

Anadutsa m'minda youma, mmene anthu anali atayamba kusosa, n'kulowa m'thengo. Mitengo inali itayoyola masamba, mthunzi unali wosowa, ndipo miyala inayamba kutentha dzuwa lisanafike pamutu. Tikhala ankayenda osadandaula. Silipasi itaduka anaimanga ndi luzi n'kupitiriza. Ankaimba nyimbo ya kutchalitchi chapansipansi, mpaka mpweya unamuthera, n'kungotsala wefuwefu. Fletcher ankatsogola, akusuzumira foni mobisa pokhota paliponse kuti asasochere. Tikhala ataona anafunsa ngati akuyang'ana nthawi, iye n'kuvomera.

Atadutsa theka la phiri, Tikhala anakhala pansi mwadzidzidzi pamwala, mutu n'kuuika pamawondo. Milomo yake inali itachita mbuu. Fletcher anachita mantha. Anatsegula chikwama n'kutulutsa botolo lija.

"Imwa pang'ono. Ndinanyamulira iwe, poti sunazolowere."

Tikhala anamwetulira n'kukankha botololo. "Kusala ndinazolowera. Chachilendo ndi phiri lokhali."

"Unazolowera bwanji?"

"Mumaganiza kuti ndingakusiyeni musale nokha? Chiyambireni inu, nanenso Loweruka sindilawa kanthu, ngakhale madzi. Ndimamasula mukafika, ndi phala lomwe lija."

"Ndi dzuwa la kugombe lija?"

"Nanga inu kuno kuli mthunzi? Sindinkafuna kukuuzani, mukanandiletsa. Pajatu chaka chatha ndinagwa pa thandala, ndinakuuzani kuti ndi malungo." Anaseka pang'ono. "Mundikhululukire, ndinakunamizani."

Fletcher anaima ndi botolo m'manja. Anakumbukira tsiku limenelo. Iye anali pamwamba pa phiri lina kutsidya kwa Shire, akulimbirana mwendo wa nkhuku ndi Swadick. Manyazi amene anamugwira anali oti sakanatha kumuyang'ana mkaziyo kumaso. Anabweza botolo m'chikwama, n'kulumbira mumtima kuti lero apempheradi, ndipo bikoni sakaiyang'ana n'komwe.

Anafika pamwamba dzuwa lili paliwombo. Panali thanthwe lalikulu, udzu wouma, ndi mtengo umodzi wopindika. Kumunsi nyanja inkanyezimira mpaka kuwawa m'maso. Pakati pa thanthwelo panaima chipilala cha simenti chofika m'chiuno, ngodya imodzi itagumuka, koma kachitsulo ka pamwamba kali bwinobwino. Fletcher anachiona asanafune kuchiona.

"Mumagwada pati?" anafunsa Tikhala.

Fletcher analoza pansi pa mtengo. Tikhala anayala chitenje, awiriwo n'kugwada. Fletcher anayamba pemphero, koma mawu anatuluka ochepa ndi ouma, n'kuthera panjira. Tikhala anaganiza kuti akumupatsa mpata, ndipo anayamba lake. Iye ndiye ankadziwa kupemphera. Anatseka maso, manja m'mwamba, n'kuyamba kuuza Mulungu zonse: za matewera a anthu ena amene amawaona pachingwe, za akazi a kugombe amene amasiya nkhani iye akafika, za mmene anthu amasowera dzina la mwana loti amuitanire. Kenako anayamba kuthokoza chifukwa cha mwamuna wake.

Pamenepo foni inanjenjemera m'thumba la Fletcher. Imatero ukayandikira pamene pabisidwa kachitini.

Munthu wanzeru akanaisiya. Fletcher anaisiyadi kanthawi ndithu, maso atatseka zolimba. Kenako anatsegula diso limodzi. Kuseri kwa bikoni kunali miyala itatu yosanjikizana mwadala, mmene mvula kapena nyani sangasanjire. Inali pafupi kwambiri. Tikhala anali mkati mwa pemphero, ndipo mapemphero ake sankatha msanga. Fletcher anadziuza kuti akangotsimikiza kuti kalipo, n'kubwerera pamalo pake asanafike pa "Ameni." Ameneyu anali munthu yemwe uja amene analumbira kumunsi kuja, ola lisanathe.

Anakwawa ndi mawondo. Anachotsa mwala woyamba, wachiwiri, ndipo pansi pake panali kachitini ka tofi kodyeka ndi dzimbiri. Mtima unagunda ndi chimwemwe, chimwemwe chenicheni, chopanda manyazi. Atafika pamenepo kusatsegula kunali kovuta. Chivindikiro chinakana. Anachikanikiza ndi zala zake za umakaniko, ndipo chinatseguka mwamphamvu, zam'kati n'kumwazika pathanthwe ndi phokoso.

Pemphero linaduka.

Fletcher atacheuka anapeza Tikhala akumuyang'ana. Pakati pawo panali mabo wagalasi akugubuduka, kagalimoto kapulasitiki, chigoba cha nkhono, ndi kachingwe ka mikanda yofiira.

Tikhala anadzuka pang'onopang'ono n'kuyandikira. Anayang'ana mikandayo nthawi yaitali.

"Mwayamba za asing'anga?"

"Ayi."

"Musaope. Ngati anakuuzani kuti mudzakwirire zimenezi kuno kuti tipeze mwana, nenani. Sindigwirizana nazo, koma ndimvetsa. Munthu akasowa mtengo wogwira amapita kulikonse."

Mawu ake anali ofewa. Anali wokonzeka kukhululuka, ndipo Fletcher anaona kuti akangovomera, atsika phiri ali limodzi. Anayang'ana milomo yosweka ya mkazi wake ndi silipasi yomangidwa ndi luzi.

"Si mankhwala, Tikha. Ndi masewera."

"Masewera."

Anamufotokozera zonse: za Swadick, za foni, za tizitini, za oyeza malo akale. Anamuonetsa zithunzi, iye ataima pa bikoni iyi ndi iyo, chala chachikulu m'mwamba, mano onse panja. Choipa n'chakuti pofotokoza za kachitsulo kamkuwa mawu ake anayamba kukwera okha ndi chisangalalo, mpaka anadzimva yekha n'kudukiza. Tikhala anatenga foniyo n'kuyamba kusuntha zithunzi ndi chala. Anaima pa china choonetsa Fletcher atagwira pepala la chipisi.

"Ili linali Loweruka?"

"Ee."

"Onsewa ndi ma Loweruka?"

"Ee."

Tikhala sanakuwe, sanalire. Fletcher akanakonda mkaziyo akanakuwa. Koma Tikhala anangobweza foniyo n'kukhala pamwala, akuyang'ana kunyanja.

"Pazithunzipo mukuoneka wosangalala," anatero. "Kunyumba sindinakuoneni mukuseka chonchi."

"Ndinkafuna kukuuza."

"Ndifunse chinthu chimodzi, mundiyankhe zoona. Mapiri onsewa, mutapeza chitini chanu, mutadya, mutajambula, munayamba mwagwadako ngakhale kamodzi? Ngakhale mawu awiri okha, kutchula dzina langa?"

Fletcher anafufuza m'mutu mwake, phiri ndi phiri. Ankafunitsitsa atapeza tsiku limodzi.

"Ayi."

Tikhala anagwedeza mutu ngati munthu amene wauzidwa mtengo wa chinthu pamsika. "Kusabereka sindinakuimbeni mlandu, ndipo sindikanakuimbani. Kuopa chipatala ndinkati ndi umunthu, tsiku lina mudzalimba mtima. Chimene chinkandigwira m'nyumba muja n'chakuti ndinkaganiza kuti tikulira awiri."

"Lolemba ndipita kuchipatala. Ndikulonjeza."

"Mupite. N'zabwino kuti mudziwe."

Anatambasula dzanja. Fletcher anaganiza kuti akufuna kudzutsidwa, koma Tikhala analoza chikwama.

"Ndipatseni madzi aja."

Fletcher anatulutsa botolo. Tikhala anatsegula n'kumwa, dzuwa lili pamutu, osapemphera. Anamwa pang'onopang'ono mpaka theka, n'kupukuta pakamwa ndi nsonga ya duku. Kenako anapinda chitenje chake, kukulungamo Baibulo, n'kumangitsa luzi la silipasi.

"Mawa amalume akafunsa, mudzawayankhe nokha," anatero. "Ine mawu oti ndikuikireni kumbuyo andithera."

"Tikha, dikira. Ndikutsogolere, njira ndi yovuta."

"Njira ndaiona. Inu tolerani zinthu za anthuzo."

Anayamba kutsika, akugwira miyala ndi dzanja limodzi, osacheuka.